Kusankha ndi Kupana Mapulagi Achitsulo a Makebulo a Netiweki: Mafunso ndi Mayankho

Kebulo ya netiweki, imene imalumikiza kompyuta, rauta, kamera kapena wailesi ya intaneti ya pa mlongoti, imakhala ndi timawaya ta mkuwa 8, topotedwa tiwiritiwiri n'kukhala mapeya anayi. Kumapeto kwake kumapanidwa pulagi yotchedwa RJ45, imene m'mabuku a miyezo imalembedwa kuti 8P8C. Makebulo ena ali ndi chikuto chachitsulo pansi pa khungu lawo, chimene amisiri amachitcha shield. Kebulo yotere imafuna pulagi yachitsulo, kapanidwe kakekake, ndiponso njira yosadukiza yopita ku earth. Chimodzi mwa zitatuzi chikasowa, ndalama zimene zinagulira shield zalowa m'madzi.

Kodi shield imateteza chiyani, popeza timawaya tapotedwa kale?

Chitetezo choyamba cha kebulo ya netiweki ndi kupota kuja. Njirayi ndi yakale: Alexander Graham Bell analembetsa umwini wa luso lopota mawaya a telefoni mu 1881. Uthenga umayenda pa timawaya tiwiri ta peya imodzi nthawi imodzi, koma motsutsana. Mphamvu ikakwera pa kamodzi, pa kanzake imatsika. Chipangizo cholandira chimangowerenga kusiyana kwa tiwiriti. Chisokonezo chochokera kunja chikagwera peya yopotedwa bwino, chimalowa m'timawaya tonse tiwiri mofanana, motero kusiyana kuja sikusintha ndipo uthenga umafika wathunthu. Mapeya anayiwo sapotedwa mothina mofanana, ndipo zimenezi n'zadala, kuti asamasokonezane okhaokha.

Koma kupota kuli ndi polekezera. Pafupi ndi mota yaikulu, jenereta, makina owotcherera zitsulo kapena chipangizo chowulutsa mawu, chisokonezo chimakula kuposa mmene kupota kungachithetsere. Pa liwiro lalikulu, makebulo omangidwa mtolo umodzi amayambanso kudonthetserana uthenga. Shield imalandira mphamvu yosokonezayo isanafike ku timawaya, komanso imatsekera uthenga wa mkati kuti usatulukire kwa makebulo oyandikana nawo. Pa makebulo a panja ili ndi ntchito yachitatu: kutsitsira pansi magetsi amene amaunjikana pa chipangizo chifukwa cha mphepo, fumbi ndi mitambo ya mvula.

Zilembo zolembedwa pa khungu la kebulo zimatanthauza chiyani?

Muyezo wa ISO/IEC 11801 umalemba mtundu wa kebulo m'magawo awiri. Chilembo cha kumanzere kwa mzere chimanena za chikuto chokuta mapeya onse pamodzi, ndipo cha kumanja chimanena za peya iliyonse payokha. U akutanthauza kuti palibe chikuto, F ndi foyilo ya aluminiyamu, S ndi ukonde wolukidwa ndi timawaya tating'ono. Motero U/UTP ilibe shield iliyonse. F/UTP ili ndi foyilo imodzi yokuta mapeya onse. U/FTP ili ndi foyilo pa peya iliyonse koma ilibe yakunja. S/FTP ili ndi foyilo pa peya iliyonse komanso ukonde wokuta zonse. M'masitolo ambiri mawu akuti STP ndi FTP amagwiritsidwa ntchito mosasiyanitsa, choncho chodalirika ndi kuwerenga pa khungu penipeni kapena kusenda kachidutswa n'kuona.

Makebulo ambiri a foyilo ali ndi kawaya kachisanu ndi chinayi, kopanda pulasitiki, kotuwa ngati siliva, kogona motsatira foyilo. Kameneka ndi drain wire. Sikanyamula uthenga. Ntchito yake ndi kupereka pogwira polimba, chifukwa foyilo ndi yopyapyala ndipo sichedwa kung'ambika.

Ndi pati pamene kebulo ya shield ikufunikadi?

M'nyumba ndi m'maofesi wamba, kebulo ya U/UTP yoikidwa bwino imakwanira, ndipo kugula ya shield n'kungodzionjezera ntchito. Ndi yokhuthala, youma popinda, yokwera mtengo, ndipo chilichonse chimene ilumikizidweko chiyenera kukhala chachitsulo.

Malo amene imapindula ndi odziwika. Oyamba ndi mafakitale, zigayo ndi magalaja, kumene kebulo imayenda pafupi ndi mamota ndi nthambo zikuluzikulu zamagetsi. Achiwiri ndi zipinda za maseva ndi nyumba zimene netiweki yake ikuyenda pa 10 Gbps. Muyezo wa liwiroli, IEEE 802.3an wa 2006, umafika mamita 100 pa kebulo ya Cat6A, imene imayesedwa mpaka 500 MHz, pamene pa Cat6 wamba umangofika pakati pa mamita 37 ndi 55, ndipo chimene chimadula mtundawo kwambiri ndi kudonthetserana kwa makebulo oyandikana. Achitatu ndi mawailesi a intaneti ndi makamera a pa milongoti ndi pa madenga. Makampani ena opanga mawailesiwa, monga Ubiquiti, amalangiza kuti zipangizo zawo za panja zizilumikizidwa ndi kebulo ya shield yofika ku earth.

Pulagi yachitsulo ikusiyana bwanji ndi ya pulasitiki? Nanga ya pulasitiki ikaikidwa pa kebulo ya shield, chimachitika n'chiyani?

Kutsogolo, mapulagi onse awiri ndi ofanana: mano 8 okutidwa ndi golide ndi kalilime kotsekera. Kusiyana kuli pa thupi. Pulagi yachitsulo yavala malata opyapyala m'mbali ndi kumbuyo. Malatawo amakhudza shield ya kebulo chakumbuyo, ndipo chakutsogolo amakhudza timalilime tachitsulo ta m'kamwa mwa soketi. Ndi mmene shield ya kebulo imapitirira kulowa m'chipangizo.

Pulagi ya pulasitiki ikapanidwa pa kebulo ya shield, uthenga umadutsa ndithu, ndipo nyali za pa switch zimayaka. Apa ndi pamene ambiri amanyengekera. Shield ija yatsala yolendewera, yosagwira kulikonse. Ili ngati ngalande yokumbidwa bwino koma yopanda kotulukira: madzi amalowa, kopita alibe. Chitetezo chake chimachepa kwambiri, ndipo magetsi ounjikana a pa mlongoti amasowa njira ina kupatula timawaya ta uthenga ndi chipangizo chimene chili kumapeto kwake.

Kumbuyo kwa mapulagi achitsulo kumapangidwa m'njira ziwiri. Ena shield imagwirira mkati: foyilo ndi drain wire zimapindidwira kumbuyo pa khungu, kebulo ikalowa zimakhudzana ndi malata a mkati. Ena ali ndi kamchira kachitsulo ka mapiko awiri kotulukira kumbuyo, kamene kamakumbatira kebulo kunja. Mtundu wachiwiriwu ndi wabwino pa makebulo onenepa, chifukwa mapikowo amagwira shield ndi khungu nthawi imodzi, ndipo mmisiri amaona ndi maso ngati zagwirana.

Posankha pulagi, kodi si zokwanira kungoona kuti palembedwa Cat6 kapena Cat6A?

Ayi, ndipo vuto lalikulu la ntchitoyi limayambira pomwepa. Dzina la Cat limanena za liwiro limene kebulo ingapirire: Cat5e imayesedwa mpaka 100 MHz, Cat6 mpaka 250 MHz, Cat6A mpaka 500 MHz. Silinena kukula kwa timawaya. Makebulo awiri a Cat6A ochokera ku makampani awiri akhoza kusiyana kunenepa mwakuti pulagi yokwana pa imodzi imakana pa inzake. Pulagi imasankhidwa ndi miyezo ya thupi la kebulo, ndipo miyezoyo ilipo inayi.

Woyamba ndi kunenepa kwa kebulo yonse. Cat5e yopanda shield imakhala pafupifupi mamilimita 5, pamene Cat6A ya shield imakonda kufika mamilimita 7 kapena 8. Khomo la kumbuyo kwa pulagi likachepa, khungu sililowa ndipo pulagi imangolendewera pa timawaya. Likakula kwambiri, chogwirira sichiluma khungu ndipo kebulo imasewera mkati.

Wachiwiri, umene umaiwalika kawirikawiri, ndi kunenepa kwa kawaya kamodzi pamodzi ndi pulasitiki yake. Pa Cat5e kamakhala pafupifupi milimita imodzi. Pa makebulo a S/FTP pulasitikiyo ndi yokhuthala, ndipo kawaya kamatha kupitirira mamilimita 1.3. Timawaya 8 tonenepa chotere sitingagone mzere umodzi m'pulagi, n'chifukwa chake mapulagi ake ali ndi timabowo tosanjidwa kena pamwamba kena pansi. Kawaya kakachepera bowo lake kamatsetsereka, dzino n'kuluma pambali. Kakakulira bowo sikalowa, ndipo kukakamiza kumangosupula pulasitiki.

Wachitatu ndi kunenepa kwa mkuwa weniweni, kolembedwa ndi nambala ya AWG. Nambala ikamakwera, waya amachepa: 23 AWG ndi pafupifupi mamilimita 0.57, 24 AWG ndi 0.51, ndipo 26 AWG ndi 0.40. Paketi ya mapulagi abwino imatchula ma AWG amene mapulagiwo amalandira.

Wachinayi ndi kapangidwe ka mkuwawo. Kebulo yoyala m'makoma ndi kudenga ili ndi mkuwa umodzi wolimba m'kawaya kalikonse, wotchedwa solid. Kebulo yofewa ya pa desiki ili ndi tinsinga 7 topotedwa pamodzi, ndipo imatchedwa stranded. Dzino la nsonga ziwiri zolunjika linapangidwira stranded: limaboola pulasitiki n'kulowa pakati pa tinsinga. Pa solid dzino lotere limatha kudula mkuwa kapena kutererekera pambali. Solid imafuna dzino la nsonga zitatu zopatukana, zimene zimakwera mkuwa mbali zonse ziwiri n'kuupana pakati. Mapulagi ambiri a nsonga zitatu amagwiranso pa stranded, koma a nsonga ziwiri sayenera kudaliridwa pa solid. Cholakwikachi n'chovutitsa chifukwa pulagi imagwira ntchito tsiku loyamba, n'kudzayamba kudukiza kebulo ikangogwedezeka.

Mapulagi olembedwa Cat7 afunika kuwamvetsa bwino. Muyezo wa Cat7 unalembedwera mitundu ina ya zolumikizira, GG45 ndi TERA, osati RJ45. Pulagi ya RJ45 yolembedwa Cat7 kwenikweni ikungonena kuti imalandira kebulo yonenepa.

Mapulagi a pass-through, a load bar ndi osafuna chopanira: abwino ndi ati?

Pulagi ya load bar imabwera ndi kachipeso ka pulasitiki. Timawaya timayamba talowetsedwa m'kachipesoko motsatira mitundu, kenako kachipeso kamakankhidwira pafupi ndi pamene kupota kwathera, timawaya n'kudulidwa, zonse n'kulowa m'pulagi pamodzi. Imatenga nthawi, koma imasunga kupota pafupi ndi mano, ndipo pa Cat6 ndi Cat6A chimenechi ndiye chofunika.

Pass-through ndi yoboola kutsogolo. Timawaya timatulukira kunja, mmisiri amaona ndondomeko ya mitundu asanapane, ndipo chopanira chake chimadula zotsalira. Kwa wophunzira ndi yosavuta. Chenjezo lake lili pa mpeni wa chopanira: ukabuntha umasiya tinsonga ta mkuwa totulukira, timene timatha kukhudzana kapena kuletsa pulagi kufika kumapeto kwa soketi. Pa kebulo ya PoE, yonyamula magetsi pamodzi ndi uthenga, kukhudzana koteroko kukhoza kuwononga chipangizo. Panja, tinsonga toonekerato timakumana ndi chinyezi msanga.

Palinso pulagi yaikulu yotsekedwa ndi manja kapena ndi pulayala, yotchedwa field termination plug. Mkati mwake timawaya timalowa m'mipata yodula pulasitiki ngati ya soketi ya pakhoma, ndipo thupi lake lonse ndi chitsulo chimene chimagwira shield kuzungulira. Ndi yokwera mtengo ndiponso yotambalala, moti nthawi zina sikwana pa madoko othinana a switch. Komabe pa kebulo ya solid ya Cat6A yopita molunjika ku kamera kapena ku access point, imeneyi ndiyo yodalirika koposa. Muyezo wa TIA-568.2-D wa 2018 unavomereza kalumikizidwe kotere, ka pulagi kumapeto kwa kebulo yoyalidwa m'nyumba.

Pamene pali malo, njira yabwino ikadali yakale: kebulo ya solid ithere mu soketi yachitsulo kapena pa patch panel, kenako kebulo yaifupi yopanidwa kufakitale ilumikize chipangizo. Mtunda wonse usapitirire mamita 100, ndipo 90 mwa amenewa ndi a kebulo yoyalidwa.

Nanga golide wa pa mano ndi mkuwa wa m'kebulo?

Golide amateteza mano ku dzimbiri. Mapulagi abwino amalembedwa 50 microinch, kutanthauza golide wokhuthala pafupifupi 1.27 micrometre, ndipo amayesedwa kulowa ndi kutuluka maulendo 750. Otchipa kwambiri amangopakidwa pamwamba, ndipo m'malo a chinyezi sachedwa kuda.

Pulagi yabwino singapulumutse kebulo ya CCA, imene timawaya take ndi aluminiyamu wopakidwa mkuwa. Aluminiyamu amadutsa magetsi pafupifupi 61 peresenti ya mmene mkuwa umadutsira, amathyoka msanga pansi pa dzino, ndipo amatentha pa PoE. Nkhaniyi yakula chifukwa mphamvu ya PoE yakhala ikukwera: mawati 15.4 pa muyezo wa 802.3af wa 2003, mawati 30 pa 802.3at wa 2009, mpaka 90 pa 802.3bt wa 2018. Kupala kawaya ndi mpeni kumaulula zonse. Mkuwa weniweni umakhala wofiirira mpaka mkati, CCA imaonetsa kuyera.

Pamafunika zipangizo zanji?

Chosendera khungu chosinthika kuya kwake, kapulayala kodula molunjika, chopanira ndi tesita. Chopanira chizikhala cha ratchet, chimene sichitseguka mpaka chitafinya kufika pamapeto. Chizigwirizananso ndi pulagi. Chopanira wamba chili ndi dzino lokankha chogwirira cha pulasitiki cha kumbuyo, ndipo pa mapulagi ena achitsulo dzino limeneli limaphwanya malata. Mapulagi a mapiko amafuna chopanira chokhala ndi kamwa lozungulira lopindira mapikowo.

Kodi pulagi yachitsulo imapanidwa motani?

Choyamba kulowa pa kebulo ndi kachipewa ka labala kotchedwa boot, chifukwa pulagi ikapanidwa sikangalowenso. Kenako khungu limalembedwa mzere wozungulira pa masentimita 4 kapena 5 kuchokera kunsonga. Mpeni usalowe mpaka pansi. Ungokanda khungu, ndipo likapindidwa uku ndi uku limathetheka lokha n'kusololoka. Foyilo ili pansi pomwepo. Ikadulidwa pamodzi ndi khungu, palibe kuchitira mwina koma kudula chigawocho n'kuyambiranso.

Pa F/UTP, foyilo imafunyululidwa potsatira msoko wake n'kupindidwira kumbuyo pa khungu. Drain wire nayo imapindidwira kumbuyo n'kugona pamwamba pa foyilo. Kapepala konyezimira ka pulasitiki kokuta mapeya kamadulidwa, ndipo ngati pakati pali kamtanda ka pulasitiki kolekanitsa mapeya, kamadulidwira pafupi ndi khungu mosamala kuti kapulayala kasalume kawaya. Pa S/FTP, ukonde umakankhidwira kumbuyo n'kuyalidwa mozungulira khungu. Foyilo ya peya iliyonse imang'ambidwa pang'ono m'mphepete n'kuchotsedwa, kusiya kachigawo kakafupi pafupi ndi khungu, kuti peya ikhale yokutidwa mpaka pomwe pulagi ikulola.

Mapeya amamasulidwa, kawaya kalikonse n'kuwongoledwa pakati pa chala chachikulu ndi cholozera mpaka mapindi onse atatha. Timasanjidwa motsatira mitundu, timafinyidwa kuti tigone mzere umodzi, n'kudulidwa molunjika kamodzi. Lamulo la apa ndi limodzi: chigawo chomasulidwa chisapitirire mamilimita 13 kuchokera pamene kupota kwathera, ndipo chikachepa kuposa apo ndi bwino koposa. Pa chigawo chimenechi peya ilibe chitetezo chake choyamba, ndipo kudonthetserana kwa mapeya kumachitikira pomwepa.

Timawaya timalowetsedwa m'pulagi ndi dzanja lokhazikika, kebulo ikukankhidwa mpaka khungu ndi shield yopindidwa zitalowa m'khomo la kumbuyo. Kebulo ikakhala yonenepa, kuifinya pang'ono ndi zala kuti iphwatalale kumathandiza. Asanapane, mmisiri amayang'ana zinthu zitatu pa kuwala. Kutsogolo, nsonga zonse 8 za mkuwa zizioneka zitagunda khoma la pulagi. Pamwamba, mitundu ikhale m'malo mwake, chifukwa timawaya timatha kudumphana polowa. Kumbuyo, drain wire kapena ukonde zikhale pansi pa chitsulo, ndipo pasakhale kansinga ka ukonde kosochera kupita ku mano, pakuti kamodzi kokha n'kokwanira kulumikiza kawaya ka uthenga ndi shield.

Pulagi imakankhidwa m'chopanira mpaka kalilime katalira, chopanira n'kufinyidwa mpaka ratchet itamasuka yokha. Mano onse 8 ayenera kumira mofanana. Dzino lotsalira pamwamba limapinda timawaya ta m'soketi, ndipo soketi ya pa switch ikawonongeka ndi vuto lalikulu kuposa pulagi. Ngati pulagi ili ndi mapiko, drain wire imazengedwa pa khungu pansi pa mapikowo, mapiko n'kupindidwa kuti akumbatire molimba koma osaphwanya kebulo. Foyilo ndi ukonde zotsalira zimadulidwa, boot imakankhidwira m'malo mwake, ndipo kebulo imakokedwa pang'ono kuona ngati yagwira. Pulagi imapanidwa kamodzi. Ikalakwika imadulidwa n'kutayidwa.

Chifukwa chiyani shield nthawi zina siigwira ngakhale foyilo yalowa m'pulagi?

Foyilo ya m'kebulo ili ndi nkhope ziwiri. Imodzi ndi aluminiyamu, inayo ndi pulasitiki yopyapyala yoilimbitsa, nthawi zambiri yabuluu kapena yosawala. Nkhope ya pulasitiki sidutsa magetsi. Foyilo ikapindidwa mwakuti pulasitiki ndiyo yakhudza malata a pulagi, maso amaona ngati zonse zili bwino pamene shield yaduka. Makampani sayala foyilo mofanana, choncho chitsimikizo ndi kugunditsa nsonga ziwiri za multimeter pa nkhope imodzi: yachitsulo imaliza belu. Nkhope imene drain wire yagonapo ndiyo yachitsulo.

N'chifukwa chake drain wire sidulidwa pongofuna kuti ntchito ioneke yaudongo. Foyilo ikang'ambika polowa m'pulagi, kawaya kameneka ndi kamene kamatsala kakugwira. Amisiri ena amazenga tepi ya mkuwa pa foyilo ndi drain wire asanalowetse m'pulagi. Imaletsa foyilo kukwinyika ndipo imakulitsa malo okhudzana, bola guluu wake akhale wodutsa magetsi kapena tepiyo ikhudze chitsulo mwachindunji. Kugwira kozungulira kebulo yonse kumateteza bwino pa liwiro lalikulu kuposa kugwira kwa kawaya kamodzi, koma pa kutsitsa magetsi ounjikana drain wire yogwira bwino imakwanira.

Mitundu ya timawaya imasanjidwa bwanji?

Pulagi imagwiridwa kalilime katayang'ana pansi, mano atayang'ana kutsogolo, khomo la kebulo litaloza kwa mmisiri. Dzino loyamba lili kumanzere. Pa T568B ndondomeko ndi iyi: koyera ndi olenji, olenji, koyera ndi girini, buluu, koyera ndi buluu, girini, koyera ndi bulauni, bulauni. Pa T568A mapeya a olenji ndi girini amasinthana malo, ena onse osasuntha. Palibe yothamanga kuposa inzake. Chofunika ndi chakuti nsonga zonse ziwiri za kebulo, ndi nyumba yonse, zitsate imodzi.

Peya ya pa mano 3 ndi 6 imadumpha peya ya buluu imene ili pakati, pa 4 ndi 5. Munthu akangosanja mapeya motsatizana, mofanana ku nsonga zonse ziwiri, magetsi amadutsa pa kawaya kalikonse koma uthenga umayenda pa timawaya tosapotana. Tesita yotchipa siona vutoli, ndipo shield singalikonze.

Shield ifike ku earth mbali imodzi kapena zonse ziwiri?

Njira yake ndi iyi: shield ya kebulo, malata a pulagi, soketi yachitsulo, patch panel, rack, waya wa earth, mpaka chitsulo chokhomedwa m'nthaka cha nyumbayo. Mkati mwa nyumba imodzi yokhala ndi earth imodzi yabwino, mapulagi achitsulo amaikidwa mbali zonse ziwiri ndipo palibe choopa. Malangizo a TIA amati kusiyana kwa mphamvu pakati pa shield ndi earth ya soketi yamagetsi ya kumene kuli chipangizo kusapitirire volti imodzi. Kukapitirira, magetsi amayamba kuyenda m'shield momwemo, ndipo chofunika kukonza ndi earth ya nyumbayo.

Pa wailesi ya pa mlongoti, shield nthawi zambiri imafika ku earth kudzera mu PoE injector. Ku Malawi ndi ku Zambia masoketi ofala ndi a mabowo atatu, ndipo bowo lapamwamba ndilo la earth. Injector ikalumikizidwa kudzera pa adaputala ya mano awiri, kapena pa soketi imene waya wake wa earth sanalumikizidwe, kebulo ndi mapulagi onse achitsulo aja alibe kotsitsira. Chimodzimodzi switch yaing'ono ya pulasitiki, imene madoko ake alibe chitsulo.

Pakati pa nyumba ziwiri zosiyana earth, kebulo ya mkuwa ya mtundu uliwonse ndi yoika zipangizo pachiswe, ndipo fibre ndiyo yoyenera chifukwa sidutsa magetsi. Shield si chotchinga mphenzi. M'nyengo ya mvula, kuyambira Novembala mpaka Epulo, kebulo yotsika pa mlongoti imafunikanso surge protector ya netiweki yolumikizidwa ku earth pamene ikulowera m'nyumba, ndipo mlongotiwo umafunika earth yakeyake.

Panja pamafunikanso chiyani?

Kebulo ikhale ya khungu lopirira dzuwa, pakuti ya m'nyumba imauma n'kung'aluka, madzi n'kuyenda mkati mpaka ku pulagi. Isanalowe m'chipangizo kapena m'khoma, kebulo imasiyidwa itagwa pang'ono ngati uta kuti madzi adonthere pansi. Pokhota isapindidwe mothina: kukhota kwake kusachepere kunenepa kwa kebuloyo kuchulukitsa kanayi, chifukwa foyilo ikathyoka mkati palibe amene angaone.

Ntchito ikatha, imayesedwa bwanji?

Tesita wamba imayatsa nyali 8 motsatizana, ndipo yoyenera ntchitoyi ili ndi nyali yachisanu ndi chinayi yolembedwa G kapena S, ya shield. Popanda tesita yotere, multimeter yogunditsidwa pa malata a mapulagi awiriwo imaonetsa ngati shield yapitirira. Kuyesaku kuchitike kebulo itazulidwa mbali zonse, chifukwa ikakhala yolumikizidwa magetsi a tesita amatha kuzungulira kudzera mu earth ya nyumba n'kuonetsa ngati shield ili bwino pamene yaduka. Kenako payesedwe pakati pa malata ndi dzino lililonse. Apa belu lisalire.

Zizindikiro zina zimaloza kumene kuli vuto. Netiweki ya 100 Mbps imagwiritsa ntchito mano 1, 2, 3 ndi 6 okha, pamene ya 1 Gbps imafuna mapeya onse anayi. Kebulo imene ikukana kupitirira 100 Mbps pa zipangizo za gigabit nthawi zambiri ili ndi dzino losaluma pa 4, 5, 7 kapena 8. Imene imaduka ikagwedezedwa ili ndi pulagi yosagwirizana ndi kukula kwa timawaya kapena ndi mtundu wa mkuwa. Kamera ya PoE yomangozima n'kuyakanso imaloza ku dzino logwira mofooka kapena ku kebulo ya CCA.

Tesita ya nyali imangotsimikizira kuti kawaya kalikonse kafika pa dzino lake. Sinena ngati kebulo ingapirire 250 kapena 500 MHz. Zimenezo zimayezedwa ndi makina otsimikizira monga a Fluke Networks, amene amaona kudonthetserana kwa mapeya ndi kubwerera kwa uthenga, ndipo ntchito ya Cat6A ya m'nyumba yaikulu siyenera kulandiridwa popanda zotsatira za makina otere pa kebulo iliyonse.